Tinanyamuka ndi Ntchefu Zisanu

Msewu wa kum'mawa ndauyenda kambirimbiri, kupita kumaliro kwathu ku Katete ndi kubwerako. Koma ulendo umene sindifuna kuubwerezanso ndi umene ndinakhala tsiku lonse m'lole imodzi, phewa ndi phewa, ndi munthu amene anatseketsa malo anga a ntchito.

Ine ndine Tembo, ndimakhala mu Kanyama, ku Lusaka. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinali wosamalira nyama pa paki ina yaing'ono kumadzulo kwa tauni, ya munthu wabizinesi. Pamene ndinkayamba ntchito, pakiyo inali ndi tchire mbali zonse. Kenaka tauni inakula, bwana anayamba kudula malo n'kumagulitsa mapuloti, nyama zikuswana, makola akucheperachepera. Pomaliza ntchefu zathu zisanu zinkakhala m'khola loti ukaima mbali ino ukhoza kulankhula ndi mnzako wa mbali inayo osakweza mawu. Munthu wina wodzaona nyama anajambula pa foni, nkhani inafika kukhoti, ndipo khoti linagamula kuti nyama zonse zisamutsidwe, paki itsekedwe.

Khoti linasankha loya woti ayang'anire kusamutsako, kuti pasasowe nyama ngakhale imodzi panjira. Anali Ba Mwansa, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wovala magalasi, wosaseka. Ndi yemweyo amene miyezi itatu m'mbuyomo anabwera kudzayeza makola athu ndi tepi n'kulemba lipoti limene linatimaliza. Ife antchito tinkangomutchula kuti Fayilo, chifukwa sankasiyana ndi fayilo yake yabuluu ngakhale popita kukasamba m'manja.

Ntchefu zinayenera kupita ku famu ina ya nyama zakutchire kupitirira Nyimba, ndipo tsiku lake linali lomaliza mwa masiku amene khoti linapereka. Munali mu Okutobala. Ndinatuluka m'nyumba kukungocha kumene, amayi a zitumbuwa asanakoleze mbaula. Nditafika, dokotala wa nyama anazibaya zonse zisanu jekeseni wozifatsitsa, ife n'kuzikankhira m'lole. Bokosi la loleyo linali lachitsulo, la zipinda ziwiri koma chitseko chimodzi chokha, chakumbuyo. Zazikazi zinayi zinalowa poyamba m'chipinda cham'kati, yamphongo tinaitsekera yokha m'chipinda chakuchitseko. Padenga panali timawindo tosuzumirapo ndi kuthirirapo madzi.

Dzuwa lisanatuluke bwino tinali titamaliza. Nyama zotere zimayenda kusanatenthe, aliyense pa pakipo ankadziwa zimenezo.

“Sitinyamuka,” anatero Ba Mwansa, chala chili pa pepala. “Apa pafunika siginecha ya bene ba paki.”

Bwana anali atazimitsa foni. Anachita dala, tonse tinadziwa. Lole ina, ya nswala, mapepala ake anali okwanira, ndiye dokotala anatsogola nayo, akuti tikamupeze panjira. Ife tinatsala ndi dalaivala wathu, Ba Lackson a ku komboni ya George, munthu wonenepa wokonda kulankhula.

“Madamu, ivi vinyama sivibelenga mapepala,” anatero Ba Lackson. “Tiyeni chabe, bazasaina kumbuyo.”

“Mukagwidwa pa lodibuloko na nyama zilibe pepala, ni ndani azangena mu selo? Ni imwe, osati uja wamene sanasaine.”

Ba Lackson anakakhala pansi pa mtengo. Eyiti koloko inakwana, naini inakwana. Ndinaika dzanja pa chitsulo cha bokosi, ndinalichotsa msanga. Ndinapita kwa mtsikanayo.

“Madamu, dzuwa lakwera. Titsitse nyamazi, tinyamuke mawa m'mamawa. Muli yaikazi yokalamba umu, siikafika.”

“Khoti inakamba lelo,” anayankha osandiyang'ana. “Nilibe mphamvu yosintha tsiku.”

Bwana anatulukira naini itapitirira. Sanatsike m'galimoto. Anatsitsa galasi pang'ono, analandira pepala, anasaina atalitsamiritsa pa chiwongolero, n'kuliponya pansi pa fumbi. Ba Mwansa anawerama, analitola, analikupiza n'kuliika m'fayilo. Ine, amene ndinamugwirira ntchito zaka zonsezo, bwanayo sanandipatse ngakhale moni.

Tinakhala atatu kutsogolo: Ba Lackson pa chiwongolero, ine kuchitseko, Fayilo pakati. Kungodutsa m'tauni kunatidyera ola lathunthu. Pa maloboti ogulitsa madzi ndi matoki taimu a foni ankamenya bokosi ndi manja kuti amve chimene chili m'kati, ine n'kumatulutsa mutu kuwatukwana. Pofika ku Chongwe malaya anali atandimamatira kumsana. Tinaima kudzaza zigubu ziwiri za madzi, ndinakwera padenga kusuzumira. Zazikazi zitatu zinali zitaima bwinobwino. Yokalambayo, imene ndinkaitcha Malita, inali itatsamira khoma, mutu uli pansi.

Titanyamukanso ndinalephera kudzigwira.

“Akazi anga akufunsa kuti mwezi wamawa tidya chiyani. Ndiwauze kuti tidya fayilo?”

Ba Lackson anaseka. Mtsikanayo sanaseke. Anatsegula fayilo, anavundukula mapepala pang'onopang'ono, anatulutsa limodzi n'kuliika pa bondo langa.

“Ba Tembo, iyi siginecha ni yanu?”

Inali yanga.

“Pamene n'nabwela mu Julaye n'nakufunsani ngati pali nyama yodwala. Munakamba ati zonse zili bwino. N'nakufunsani kabili. Khoti inabelenga mau yanu, ndiye chifukwa inakamba ati zonse zisanu zingayende pa msewu. Lelo ndiye muniuza ati imozi siizafika?”

Ndinayang'ana pawindo. Zoona zake n'zakuti Malita anayamba kutsokomola nthawi yozizira, ndipo usiku wina aliyense wogona pafupi akanamva kupuma kwake. Bwana anatiitana antchito tonse kutiuza zoti tikanene, koma sindinganamizire bwana yekha. Inenso ndinkakhulupirira kuti tikanena kuti nyama zili bwino, paki sitsekedwa. Ngakhale m'mawa umenewo, dokotala akukonza majekeseni, ndinali naye pafupi ngati apa ndi apo, koma ndinatseka pakamwa poopa kuti bodza langa la mu Julaye lituluka. Ndinalankhula dzuwa litakwera kale.

Munthu akakuuza zoona zotere suyamba kumukonda. Ndinadana naye kuposa m'mawa.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Rufunsa wailesi ya Ba Lackson inkangosokosera. Mphepo yolowa pawindo inali ngati yochokera mu uvuni. Pa mapiri a Manenekela lole inayamba kukwawa, utsi uli tolo kumbuyo, mabasi akuluakulu akutipitirira ndi mahutala. Pa kona iliyonse ndinkamva ziboda zikuterereka pa chitsulo, mtima wanga n'kumatererekanso.

Pa mlatho wa Luangwa anatiimitsa, monga amaimitsira aliyense wonyamula katundu wotere. Ofisala anawerenga pepala lililonse, anakwera padenga, anawerenga nyama, anayerekeza manambala a pa makutu ndi a pa pepala. Anagwira ntchito yake bwino, sindingamunene. Koma chigwa chimenecho mu Okutobala ndi ng'anjo. Fungo la nsomba zouma linadzaza paliponse, amayi akutiitana kuti tigule, ntchentche zikutitera pankhope. Pamene ndinasuzumiranso, Malita anali ndi thovu kukamwa.

“Mwaona?” ndinamuuza Ba Mwansa. “Bwerani mudzaone nokha mapepala anu.”

Anakwera, siketi yake ikukodwa pa makwerero. Anasuzumira nthawi yaitali. Atatsika anayang'ana wotchi n'kulemba.

Titapitirira Kacholola pang'ono, pa chitunda china chachitali, kunamveka kuphulika pansi pa mipando yathu, nthunzi n'kudzaza galasi lonse. Ba Lackson anakhotetsera lole pambali, akutukwana m'Chibemba. Paipi ya madzi a injini inali itang'ambika kutalika ngati chala. Nthawi inali itadutsa thuu koloko.

Pamalopo panali matumba a makala ataimikidwa m'mbali mwa msewu, tinyumba tingapo, ndi mitengo yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Foni sinkagwira. Ba Mwansa anakwera pa chulu, foni ili m'mwamba, mpaka anamupeza dokotala. Iye anali atafika kale ku famu ndi nswala zake. Anati tizithira madzi nyamazo osalekeza, atumiza makaniko wa ku Nyimba pa njinga yamoto.

Zigubu zathu ziwiri zinatha m'kanthawi kochepa. Amayi a pamalopo anatimvera chisoni, anayamba kutitungira kuchitsime chawo chimene chinali kutali ndithu, kutsidya kwa khwawa louma. Ine ndinagona chafufumimba padenga lotentha, ndikuthira madzi pamsana pa Malita kudzera pa kawindo, ndikumulankhula monga ndinkachitira m'mawa uliwonse. Ba Mwansa anavula nsapato zake za ku ofesi n'kuyamba kusenza nawo. Sankadziwa kusenza, theka la madzi linkathera pa bulauzi yake. Ndinaona, koma sindinathokoze.

Malita anagwada miyendo yakutsogolo, kenaka anagwera chammbali. Zinzake zinapanikizana pakona. Anakweza mutu kamodzi, anatsalima, basi.

Ndinakhala padengapo chigubu chili m'manja, madzi akutayikira pa thalauza. Nyama imeneyo ndinaipeza ili kamwana pamene ndinkayamba ntchito. Inkadya makoko a chivwende m'manja mwanga.

“Ba Tembo,” mawu a Ba Mwansa anachokera pansi. “Niuzeni nthawi na nambala ya pa khutu.”

“Mulibe mtima inu,” ndinatero. “Mayi wanu anabala pepala.”

“Nthawi na nambala, Ba Tembo.”

Ndinamuuza.

Sindikudziwa kuti mbiri inayenda bwanji, koma theka la ola lisanathe pamalopo panadzaza anthu. Ena anabwera pa njinga, ena ndi mabeseni, ena ndi mipeni yokulunga m'masaka. Wotsogolera anali bambo wina wamtali, wotentha makala, manja ali bii mpaka m'zigongono. Ankalankhula Chinsenga koma tinkamvana bwinobwino.

“Tamva kuti yafa yokha,” anatero. “Ndiye mupita nayo kuti? Tsitsani, tikuthandizeni.”

Ba Mwansa anati sizingatheke, nyamayo ili m'manja mwa khoti, iyenera kukafika yathunthu kuti dokotala akaione.

“Khoti lidya nyama?” anafunsa bamboyo, anthu n'kuseka. Kenaka nkhope yake inasintha. “Njovu zikatithera chimanga mumati tisazikhudze, n'za boma. Lero yafera pakhomo pathu, mukutinso n'za boma. Akazi athu atha madzi a m'chitsime kuthira nyama zanu. Ife ndife chiyani?”

Kunena zoona, ndinamumvetsa. Ndikanakhala wa pamudzipo ndikanabwera ndi beseni langa.

Ba Lackson anamukokera mtsikanayo pambali, koma ndinamva. “Madamu, bapaseni chabe. Mulembe ati tinakwilila. Aba banthu bangatenthe motoka, na ine nili na bana ku George.”

“Sinilemba vamene sivinachitike.”

Ndiye mtsikanayo anachita chinthu chopusa kwambiri chimene munthu angachite pamaso pa anthu anjala. Anakwera pa sitepe ya lole, anatsegula fayilo, anayamba kuwerenga chigamulo cha khoti m'Chingerezi. Anthu anayamba kukuwa. Anasiya Chingerezicho, anafuula kuti nyamayo yabayidwa mankhwala oopsa, aliyense woidya akhoza kudwala kapena kufa, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Zinali zoona, ndinaona ndi maso anga dokotala akuvala magolovesi awiri pogwira kabotolo kake. Koma amene anayamba ndi Chingerezi ndani angamukhulupirire?

“Tiphika, mankhwala atha!” anakuwa mayi wina, mmodzi mwa omwe aja ankatitungira madzi.

Mwala sindinaone kumene unachokera. Unamenya Ba Mwansa pamwamba pa diso lamanzere, magalasi anagwa n'kusweka, magazi anatsikira pa tsaya mpaka pa fayilo. Sanagwe. Anagwiritsa chitseko cha lole, dzanja lina litakumbatira mapepala ake.

Ndiulule pano: kwa kamphindi mtima wanga unakondwera.

Kenaka ndinamva chitsulo chikulira kumbuyo. Bambo wamakala uja ndi anzake awiri anali atayamba kukoka mpiringidzo wa chitseko. Ndinalumpha kuchoka padenga, bondo n'kulira, ndinatola sipanala yaikulu ya Ba Lackson n'kukaima pamaso pawo.

“Tsegulani,” ndinatero. “Sindikuletsani. Koma mudziwe kuti yakufayo ili chipinda cham'kati. Kuseri kwa chitseko ichi kuli yamphongo, yolemera kuposa ng'ombe iliyonse imene munaionapo, ndipo jekeseni wake watha mphamvu. Ine ndaidyetsa zaka zisanu ndi zitatu, koma inandithyolapo nthiti ziwiri. Kuti mufike pa nyama yanu, iyi ituluke kaye. Ndani aima kutsogolo?”

“Akunama uyu,” anatero wina.

Ndinamenya khoma la bokosi ndi sipanala mwamphamvu zanga zonse. Yamphongo inayankha. Inagunda chitseko ndi nyanga, lole yonse inagwedezeka, chitsulo chinatupira kunja ngati mimba. Inagundanso kachiwiri. Mabeseni anagwa, njinga zinagundana, amene anagwira mpiringidzo anapezeka ali kutsidya kwa msewu.

Sindinyadira zimenezo. Nyama yotopa kale ndinaiopseza dala, ndipo pa kugunda kwachiwiriko inathyoka nsonga ya nyanga.

Anthu sanachoke. Anakakhala pa matumba a makala n'kumatiyang'ana. Amayi anatenga zigubu zawo, madzi anathera pomwepo. “Galu wa mabwana!” bambo wamakala ankandikuwira. “Iwenso ndiwe mmphawi ngati ife, udzafa ndi njala ukulondera nyama ya khoti!” Sanalakwitse kwenikweni. Ba Lackson anadzitsekera m'lole. Ba Mwansa anamanga mutu ndi mpango, anakhala pa sitepe, pepala lili pafupi ndi mphuno chifukwa popanda magalasi sankaona, akulembabe. Tinakhala choncho maola awiri, ntchentche zikuchulukana pa timawindo ta padenga.

Makaniko anafika dzuwa litapendeka, paipi yatsopano atakoleka m'khosi. Anali wodziwika kumeneko, ndipo ndi iye anatipemphera chigubu chimodzi cha madzi a injini, atanama kuti n'cha iye mwini. Pamene tinkanyamuka miyala iwiri itatu inalira pa bokosi. Palibe amene anacheuka.

Pa Nyimba sitinaime. Tinakhotera mu msewu wafumbi, tinafika pa famu dzuwa likulowa, fungo la Malita litayamba kale kulowa kutsogolo. Dokotala anatsegula. Yamphongo inatuluka ndi nyanga yake yothyoka, zazikazi zitatu zinadumpha mnzawo n'kutsika. Patsogolo pawo panali dambo lalikulu loti maso sangalimalize, koma sizinathamange. Zinayamba kuzungulira pamalo amodzi, kabwalo kakang'ono, kubwerera pomwe zayambira. Ndinaziyang'ana mpaka mdima, kenaka ndinakagona m'chipinda cha alonda.

M'mawa dokotala anatumbula Malita. Anandiitana kuti ndione mapapo. Anati matendawo ndi a miyezi yambiri, kutentha kunangomalizitsa. Kenaka anandiyang'ana.

Ba Mwansa anandipeza ndikusamba m'manja pampopi. Diso lake linali litatupa, pamphumi atamata pulasitala.

“Belengani, musaine pansi ngati ni mwamene vinachitikila.”

Anali masamba atatu olemba pamanja. Munali zonse. Munali za bwana ndi foni yake yozimitsa. Munali zoti wosamalira nyama ananena zabodza mu Julaye, ndipo sanauze dokotala m'mawa wa ulendo. Munali zoti wosamalira yemweyo anathira madzi nyama kwa ola lathunthu padenga lotentha, anateteza chitseko, komanso anamenya bokosi ndi sipanala mpaka yamphongo inathyoka nyanga. Za mayi wake zimene ndinanena sanalembe. Chakumapeto kunali mzere uwu: woyang'anira wa khoti anachenjezedwa ulendo usanayambe kuti nyama imodzi siikafika, anali ndi foni yoti akanaimbira kukhoti kupempha tsiku lina, koma sanaimbe.

Ndinawerenga mzere umenewo kawiri.

“Mwadzilemba nokha?”

“Ndiye mwamene vinachitikila.”

“Adzakuchotsani ntchito.”

“Kapena. Na imwe bazakuitanani ku khoti pa va mu Julaye. Mukakambe chabe vamene muziba.”

Ndinafunafuna bodza limodzi lokha m'masamba atatuwo, loti ndikanire kusaina n'kumuponyera pepalalo kumaso. Sindinalipeze. Ndinasaina, cholembera chikuboola pepala.

Ba Lackson anatsala, akudikira katundu wobwerera naye. Galimoto ya pafamu inatitula awirife pa Nyimba cha m'ma teni, ine mbali ino ya msewu pa ogulitsa nthochi, iye mbali inayo pansi pa khonde la sitolo. Basi yochokera ku Chipata inafika, tonse tinathamangira. Kondakitala anasuzumira m'kati n'kutembenuka.

“Mipando ibili chabe yasala, pamozi, kumbuyo. Ba tate na mwana wanu, ngenani.”

Ba Mwansa anakwera. Atafika pa sitepe yachiwiri anacheuka, anandiyang'ana ndi diso lake limodzi lotseguka, akudikira.

“Si mwana wanga,” ndinamuuza kondakitala. “Pitani.”

Basi yotsatira inabwera patapita maola anayi, yodzaza, ndipo ndinakhala pa thumba la mtedza mpaka ku Lusaka.